Kadyetsedwe ka ng'ombe ya mkaka kosamala chifu: muyambe ndi udzu, madeya abwere pambuyo

Amene anasendapo ng'ombe pa ukwati kapena pa maliro akudziwa kuti chifu chake sichinyamulika ndi munthu mmodzi. Mukachiboola mumatuluka zinthu zofunda, zobiriwira, za fungo lowawasa ngati phala la mowa limene layamba kuwira. Chifucho chili ndi zipinda zinayi. Choyamba ndi chachikulu chija chooneka ngati thaulo m'kati mwake, chimene a zanyama amachitchula kuti rumen. Mwa ng'ombe yaikulu ya Friesian chimatha kulowa malita oposa 150, ndiye kuti ndi mgolo ndithu. Chachiwiri chimaoneka ngati chisa cha njuchi, chachitatu chili ndi masamba ngati buku, ndipo chachinayi ndiye chofanana ndi chifu chathu anthufe.

Nkhani yathu ili mu mgolomo. Ng'ombe payokha singagaye udzu. Amene amagwira ntchitoyo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala mu rumen: mabakiteriya, tina totchedwa protozoa, ndi mitundu ina ya nkhungu. N'tochuluka mwakuti m'kasupuni kamodzi ka madzi a m'chifumo muli mabakiteriya oposa anthu onse a pa dziko lapansi. Timawiritsa chakudya monga chimera chiwiritsira mowa, n'kutulutsa maasidi atatu amene ng'ombe imayamwa kudzera m'khoma la chifu. Maasidi amenewa ndiwo amapereka pafupifupi 70 peresenti ya mphamvu ya ng'ombe. Woyamba, acetate, amachuluka ng'ombe ikamadya udzu, ndipo ndiye amapanga mafuta a mu mkaka. Wachiwiri, propionate, amachuluka ikamadya madeya ndi zina zokhala ndi ufa. Chiwindi chimamusandutsa shuga, ndipo shugayo ndiye amachulukitsa malita. Wachitatu, butyrate, amadyetsa khoma lenileni la chifu.

Tsono kwa ife a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre, kumene ng'ombe zambiri za mkaka zimakhala m'khola usana ndi usiku, zonse zolowa mu mgolomo zimadutsa m'manja mwathu. Ng'ombe ya kudambo imasankha yokha. Ya m'khola imadya chimene mwaipatsa, pa nthawi imene mwaipatsa. Nazi zoyenera kutsata.

Choyamba: khutitsani ng'ombe udzu, ndipo udzuwo ukhale wotafunika

Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi 3 peresenti ya thupi lake pa tsiku. Ya makilogalamu 400 ikufuna makilogalamu 12. Koma nsenjere yaiwisi ndi madzi okhaokha: pa makilogalamu 5 kapena 6 alionse, chakudya chenicheni ndi kilogalamu imodzi. Ndiye ngati mukudalira nsenjere, ng'ombe yotere ikufuna makilogalamu 60 kapena kuposa tsiku lililonse. Si kamtolo kamodzi kapanjinga ayi. Alimi ambiri amene amadandaula kuti ng'ombe yawo ndi yosatulutsa mkaka, mukapita kukhola masana mumapeza modyera muli mbee. Lamulo lake n'losavuta: m'mawa mukamasesa modyera muzipezamo zotsala pang'ono. Mukapeza monyambitidwa, dziwani kuti inagona ndi njala.

Nsenjere muziidula ikafika m'chiuno mpaka pachifuwa, cha m'ma mita imodzi, patatha masabata 6 mpaka 8 chiidulireni. Ikapitirira mutu wanu yasanduka bango. Tizilombo timalimbana nayo masiku angapo osaimaliza, chifu chimakhala chodzaza koma ng'ombe ili ndi njala. Ikakhala yanthete kwambiri ndiye madzi achuluka. Iyaleni pamthunzi maola angapo kuti ifote musanaipereke.

Iduleni ndi chikwanje tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5, ngati utali wa chala chaching'ono. Musaipere n'kukhala ngati ndiwo zotendera. Chifukwa chake nachi. Udzu wokhakhala umayandama pamwamba m'chifu n'kumakanda khoma lake, ndipo kukandako ndiko kumachititsa ng'ombe kubzikula. Ikamabzikula imatulutsa malovu, malita oposa 100 pa tsiku, ndipo m'malovumo muli soda, yemwe uja amayi amathira mu therere. Sodayo amaziziritsa asidi m'chifu. Udzu ukachepa kapena ukaperedwa kwambiri, kubzikula kumachepa, malovu amachepa, asidi amakwera. Ng'ombe imadzipangira yokha mankhwala ake, bola inu muipatse chotafuna.

Pa chakudya chonse cha tsiku, tikachotsa madzi, udzu usachepere theka. Kuposa pamenepo ndiye bwino.

Chachiwiri: yezani madeya, ndipo muwagawe

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ine ndinapsa.

Chaka china nthawi yokolola madeya anatsika mtengo pachigayo, ndipo ndinagula matumba angapo. Ng'ombe yathu inali itangoswa kumene, ikupereka malita 12. Ndinati apa ndiye ndiphe makwacha. Ndinayamba kuithirira ndowa yodzaza m'mawa uliwonse pokama, isanalawe n'komwe udzu. Masiku atatu oyamba mkaka unakweradi, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba popita ku bulking, kumene alimi timasonkhanitsa ndi kugulitsa mkaka. Tsiku lachisanu ndinapeza ndowe zamadzi zothovoka zitamwazika mpaka kukhoma la khola. Ng'ombe inangonunkhiza madeya n'kutembenuka. Mawa lake inadya, mkuja inakananso. Mkaka wophitsa, umene kale unkagwira zonona zochindikala pamwamba, unangokhala ndi kakhungu kopyapyala. Patapita mwezi ndi theka inayamba kuponda ngati ikuyenda pa minga.

Alangizi atabwera sanachedwe. Anangoyang'ana ndowe, n'kufunsa kuti, "Bambo, madeya mukuipatsa angati pakamodzi?" Nditaonetsa ndowa ija anagwira pakamwa.

Chimene chinachitika n'chakuti ufa wa m'madeya umawira msanga, m'maola ochepa chabe, pamene udzu umatenga tsiku kapena awiri. Madeya ambiri akalowa nthawi imodzi, asidi amapangidwa mofulumira kuposa mmene khoma la chifu lingayamwire. Kuwawasa kumeneku amakuyeza ndi muyezo wotchedwa pH, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka. Chifu chabwino chimakhala pakati pa 6.2 ndi 6.8. Ikatsika pansi pa 6, mabakiteriya ogaya udzu amayamba kufooka, acetate amachepa, ndiye zonona zija zimathawa. Ikamakhala pansi pa 5.6 kwa maola angapo tsiku ndi tsiku, khoma la chifu limayamba kupsa, ng'ombe imadya modumphadumpha, ndipo pambuyo pake ziboda zimapweteka. Ikafika pa 5 kapena kutsika, mabakiteriya opanga asidi wamphamvu wa lactic, yemwe amasasitsa chambiko, amalanda mgolo wonse, ndipo ng'ombe ikhoza kugwa n'kufa m'masiku awiri.

Ndiye chitani motere. Yambani mwayeza pa sikelo chitini kapena beseni limene mumatungira madeya, kuti mudziwe kulemera kwake. Madeya a zigayo zosiyana salemera mofanana, ena amakhala ndi misere yambiri. Udzu wabwino pawokha umatha kutulutsa malita 5 kapena kuposa pang'ono. Pamwamba pa amenewo, perekani kilogalamu imodzi ya madeya osakaniza ndi zomanga thupi pa malita 2 alionse. Ng'ombe ya malita 13 ilandire makilogalamu 4. Koma pa nthawi imodzi musapitirire makilogalamu 2, mwina 3 kwa ng'ombe yaikulu yozolowera. Gawani kawiri, ndipo ngati muli pakhomo masana, katatu.

Ndipo udzu uziyamba. M'mawa mukadzuka, musanatenge ndowa yokamira, ponyani kaye udzu wouma kapena nsenjere yofota modyera. Ipatseni mpata idye pamene inu mukutenthetsa madzi otsukira bere. Madeya abwere pokama. Ena amawaza madeya pa nsenjere yoduladula yonyowetsa pang'ono kuti ng'ombe isathe kusankha. Njira imeneyo ndi yabwino koposa, kungoti imafuna modyera mosatayikira.

Chizolowezi chosungunula madeya m'madzi kuti ng'ombe imwe ngati thobwa ine sindigwirizana nacho. Imameza osatafuna, malovu osatuluka.

Madeya okha sakwanira, chifukwa zomanga thupi zake ndi zochepa, cha m'ma 10 peresenti. Sakanizani magawo atatu a madeya ndi gawo limodzi la keke (zotsala akafinya mafuta) ya thonje, ya mpendadzuwa kapena soya wokazinga wogaya, n'kuonjezera mchere ndi mamineral a ng'ombe za mkaka. Soya wosafinya ali ndi mafuta ambiri, choncho musachulutse, pakuti mafuta akachuluka amamata udzu m'chifu ndipo tizilombo timalephera kuugwira. Madeya a chuku, ogwirana mibulu kapena onunkha, tayani. Poizoni wa chuku amadutsa mpaka mu mkaka umene ana anu akumwa.

Chachitatu: m'chilimwe dyetsani tizilombo zomanga thupi

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ambiri timadalira mapesi ndi udzu wouma wa m'mbali mwa msewu. Mapesi ali ndi zomanga thupi 4 kapena 5 peresenti yokha, pamene tizilombo ta m'chifu timafuna zosachepera 7 peresenti kuti tiswane bwino. Tikachepa, mapesi amakhalitsa mu mgolo osagayika, ng'ombe imachepetsa kudya, ndowe zimauma n'kumatuluka zamagawomagawo. Palinso china chimene ambiri sadziwa: tizilomboto tikakokoloka kupita ku chipinda chachinayi timagayidwa, ndipo ndito timapereka theka kapena kuposa la zomanga thupi zimene ng'ombe imalandira. Kunena kwina, ndiwo za ng'ombe ndi tizilombo take tomwe.

Mankhwala ake ali m'munda mwanu. Masangwi a mtedza, mukawasunga pamthunzi masamba asanayoyoke, ndi chuma. Masamba a nandolo, a jerejere, a gliricidia, a lukina ndi kholowa zonse zimathandiza. Kamtolo ka masamba amenewa pa mapesi a tsikulo kamasintha kadyedwe ka ng'ombe m'sabata imodzi. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa ali ndi poizoni wina amene akachuluka amathothola ubweya wa kumchira. Gliricidia ng'ombe zambiri zimamukana poyamba chifukwa cha fungo. Mufotetseni tsiku limodzi.

Pali njira yofewetsa mapesi ndi feteleza wa urea. Sungunulani makilogalamu 4 a urea m'malita 100 a madzi, wazani pa makilogalamu 100 a mapesi oduladula, pondani bwino m'dzenje loyala pulasitiki, tsekani kuti mpweya usalowe, dikirani masiku 21. Potsegula, tapani za tsikulo n'kuziyala kuti fungo loboola m'mphuno lichoke musanapereke. Koma urea ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ng'ombe ikamwa madzi ake kapena kudya mibulu yake imafa m'maola ochepa. Koyamba chitani pamodzi ndi alangizi, thole losayamba kubzikula musalipatse, ndipo urea asakumane ndi soya wosakazinga.

Chachinayi: musasinthe chakudya mwadzidzidzi

Tizilombo togaya mapesi si tomwe timagaya msipu, ndipo togaya msipu si tomwe timagaya madeya. Mukasintha chakudya, gulu lina liyenera kuchepa, lina liswane, ndipo zimenezi zimatenga masabata awiri kapena atatu. Tinsonga ta thaulo tija, timene timayamwa asidi, timatalika ng'ombe ikamadya zopatsa mphamvu, koma timafuna masabata 4 mpaka 6. Choncho chatsopano chilichonse, kaya ndi masese, kaya ndi molasesi, kaya ndi thumba la dairy mash la kusitolo, chilowe pang'onopang'ono. Madeya muzionjezera osaposa theka la kilogalamu pa tsiku.

Nthawi ziwiri ndizo zoopsa. Yoyamba ndi mvula yoyamba. Msipu wa mu Disembala umasangalatsa maso, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ndi wamadzi, ulibe chotafuna, ndipo umawira mofulumira. Ng'ombe imene yakhala miyezi inayi pa mapesi ikakhuta msipu tsiku limodzi imatsekula m'mimba. Sungani mapesi kapena mfutso wa udzu wa Rhodes woti muzisakaniza ndi msipuwo kwa masabata awiri oyamba. Mphukira za mapira zimene zaphuka pambuyo pa ng'amba ndi makoko a chinangwa chowawa musapereke n'komwe; zili ndi poizoni wopha msanga.

Yachiwiri ndi pa kuswa. Ng'ombe imene mwasiya kuikama poyembekezera kuswa siyenera kudikira tsiku loswa kuti ionenso madeya. Kutatsala masabata atatu, yambani ndi theka la kilogalamu, muzikweza mpaka makilogalamu 2 pofika tsikulo. Ikaswa pitirizani kukweza pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu. Masiku amenewo imadya pang'ono pamene bere likukoka kwambiri, ndiye udzu wabwino kwambiri umene muli nawo ndi wa iyeyo.

Chachisanu: madzi ndi mchere

Mu mgolo wouma simuwira kanthu, ndipo mkaka womwe ndi madzi 87 peresenti. Ng'ombe yokamidwa imamwa malita 60 mpaka 100 pa tsiku, mu Okutobala kuposanso. Ndowa ziwiri za malita 20 si madzi. Akhalepo nthawi zonse, makamaka ikangotha kukamidwa, ndipo momwera muzitsukidwa. Mchere wonyambita ukhale pouma.

Chachisanu ndi chimodzi: phunzirani kuwerenga ng'ombe yanu

Mulibe makina oyezera pH, koma muli ndi maso ndi dzanja.

Pitani kukhola patatha maola awiri kapena atatu ng'ombe itadya, nthawi imene yagona. Iyenera kukhala ikubzikula. Pa tsiku imathera maola 7 kapena 8 pa ntchito imeneyi. Yang'anani pakhosi, muona mbulu ukukwera. Werengani kuti itafuna kangati isanameze. Ka 50 kapena 60 ndi bwino. Ikamameza isanafike 40, chotafuna chachepa. Mukapeza mibulu yotafunatafuna italavulidwa pansi, asidi wakwera.

Kenako imani kumanzere kwake. Pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno pali kadzenje ka ngodya zitatu. Kanikizani chibakera pamenepo n'kudikira. Mumva chifu chikukankha dzanja lanu n'kubwerera, ngati munthu akutembenuka m'bulangete. Pa mphindi ziwiri zichitike kawiri kapena katatu. Mukaima mphindi ziwiri osamva kanthu, ng'ombeyo ikudwala, ngakhale ikuoneka ya maso owala. Kadzenjeko kakalowa kwambiri moti chibakera chonse chikubisika, sinadye mokwanira dzulo.

Ndowe ndiye kalata ya tsiku ndi tsiku. Zabwino zimakhala ngati phala lolimba, zimagwa n'kuunjikana masentimita 3 kapena 4, pakati pali kadzenje, ndipo mukaponda ndi jombo sizimata kwambiri. Zamadzi, zotuwa, za thovu kapena zokhala ndi zoterera ngati mamina zikunena za madeya ochuluka. Zouma zamagawo zikunena za kuchepa kwa madzi ndi zomanga thupi. Kamodzi pa sabata tapani ndowe zodzaza kapu, ikani pa sefa yakale, tsukani ndi madzi. Zotsala zikhale zosalala, zazifupi. Mukaona tizidutswa ta udzu totalika kuposa chikhadabo tambirimbiri, kapena misere ya chimanga yosagayika, chakudya chikuthamanga m'chifu tizilombo tisanachigwire.

Ngati zizindikiro zikuloza kwa asidi, chepetsani madeya ndi theka, onjezerani udzu wouma, ndipo ng'ombe ikayambanso kubzikula bwino muzikweza pang'onopang'ono. Kwa ng'ombe ya malita ambiri imene ikudya madeya ochuluka, magalamu 100 mpaka 150 a soda pa tsiku osakaniza m'chakudya amathandiza. Koma soda salowa m'malo mwa udzu.

Zikavuta mwadzidzidzi

Kuwira kulikonse kumatulutsa mpweya, ndipo ng'ombe imatulutsa malita 30 mpaka 50 pa ola, n'chifukwa chake imageya pafupifupi mphindi iliyonse. Ikadya masamba anthete a mtundu wa nyemba, onyowa ndi mame, m'mimba mulibe kanthu, mpweya umakodwa mu thovu ndipo kugeya kumakanika. Kadzenje ka kumanzere kaja kamatukuka n'kumalira ngati ng'oma mukamenya. Chotsani chakudya, imikani ng'ombe miyendo yakutsogolo ili pokwera, imwetseni mafuta ophikira mamililita 300 mpaka 500, muiyendetse, wina akuimbira alangizi. Pomwetsa musakweze mutu kwambiri kapena kukoka lilime, kuopa kuti mafuta angalowe m'mapapo. Mbatata yathunthu kapena mango otsamwa pakhosi amatupitsanso chimodzimodzi, ndipo pamenepo musamwetse kanthu. Muona dovu likuchucha ndi khosi litatambasuka.

Ikamasuka usiku n'kukapeza thumba la madeya kapena chimanga, musadikire kuti idwale. Musaipatsenso madeya, ikani udzu wouma wokha, musailole kumwa madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo itanani a zanyama m'mawa womwewo. Zizindikiro zimachedwa theka la tsiku kapena tsiku lathunthu, ndipo ikagwa pansi mwayi umakhala wochepa. Ikadya urea n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka dovu, imwetseni viniga malita 2 kapena kuposa pamodzi ndi madzi ozizira ambiri pamene mukudikira thandizo.

Udzu womweta m'mbali mwa msewu ndi kumisika muziupeta ndi manja musanadule. Majumbo sagayika, amapotana m'chifu zaka ndi zaka mpaka ng'ombe kuonda osadziwika chifukwa. Msomali kapena kawaya kamagwera m'chipinda cha chisa cha njuchi chija, chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo kakaboola pamenepo ng'ombe imaima itapinda msana, ikubuula poyenda motsetsereka.

Za thole

Thole limabadwa rumen ili yaing'ono, yosalala m'kati, yosagwira ntchito. Mkaka umene limayamwa umalambalala mgolowo n'kupita ku chipinda chachinayi. Chimene chimameretsa thaulo lija ndi butyrate ndi propionate zochokera ku chakudya cha ufa, choncho kuyambira sabata yoyamba kapena yachiwiri liikireni kadzanja ka madeya abwino osakaniza ndi soya wokazinga, timasamba ta udzu wouma wofewa, ndi madzi oyera m'chiwiya chakechake. Madzi ndi ofunika ngakhale likumwa mkaka, pakuti ndiwo amalowa mu rumen n'kupatsa tizilombo pokhala. Muzichotsa zotsala tsiku lililonse. Likamamaliza kilogalamu imodzi ya chakudyachi pa tsiku kwa masiku atatu otsatizana, ndipo mwaliona likubzikula, mukhoza kuyamba kuchepetsa mkaka.